Katundu wa Seva Yachitatu

Panali patapita mphindi makumi anayi, uthenga wochenjeza anthu a ku Makhanga usanachoke mu ofesi. Woyeza mtsinje anali ataimba m'mawa kuti mtsinje wa Ruo wakwera moopsa, koma pa mafoni zikwi zinayi oyenera kulandira chenjezo, ngakhale imodzi sinalire.

Priska, wosamala makompyuta a bungwe lina pa boma la Nsanje, anali thukuta kamukamu. Abwana ake, a Sebastiano, anamuima kumbuyo, akufunsa ngati sikungakhale bwino kungozimitsa zonse n'kuyatsanso. Mankhwala awo anali omwewo, kaya ndi wailesi kaya ndi galimoto.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, bwana," anatero Priska, chonsecho iye mwini mtima uli m'mwamba.

Bungwelo linali ndi maseva atatu, makompyuta ogawana ntchito. Priska anayamba kuwasuzumira imodziimodzi. Yoyamba inali bwinobwino, yachiwiri inkangowodzera. Koma yachitatu, yomwe analumikizako kachipangizo kotumizira mauthenga, memole yake, malo ogwiriramo ntchito mapulogalamu, inali itadzaza mpaka pakamwa. Atatsegula mndandanda wa zimene zinkayenda mmenemo, anaona kuti pulogalamu ya mauthenga inkati ikadzuka, yasowa malo, yagwa. Inali itagwa kakhumi ndi kawiri.

Wadyera amene anadzaza memoleyo anali pamwamba penipeni pa mndandanda: ntchito yolumikiza zithunzi za minda kuti zikhale mapu, amene a Sebastiano ankafuna kukaonetsa alendo ochokera ku Lilongwe tsiku lotsatira. Inali itayenda masiku atatu, kutatsala maola asanu okha.

Priska anagwidwa manyazi. Pulogalamu iliyonse ankaiikira malire a memole, koma iyi anaisiya idye mmene ingafunire. Inali ya abwana, nanga mwana wamakhalidwe n'kuwayezera abwana? Anawauza zonsezi mosabisa, n'kuwonjeza kuti akaimitsa mapuwo, ntchito ya masiku atatu ithera pomwepo.

A Sebastiano anavula magalasi. Anafunsa ngati panalibe njira ina, ndipo atamva kuti ina iliyonse ingadye ola lathunthu, anapumira m'mwamba.

"Mutu ukakula sulewa nkhonya. Alendo akalipa n'kubwerera kwawo, madzi sabwerera. Imitsani, mayi."

Priska analemba mzere umodzi wolamula kompyuta kuimitsa mapuwo. Memole inatsika nthawi yomweyo, pulogalamu ya mauthenga inadzuka, ndipo ulendo uno sinagwenso. Nambala ya mauthenga otumizidwa inayamba kuthamanga: makumi asanu, mazana atatu, chikwi. 

Ola lisanathe anaimba foni a Fanuel, opalasa bwato ku Makhanga. Mawu awo ankamveka movutikira chifukwa cha mbuzi zolira ndi amayi oitana ana. Anati uthenga wafika, anthu ayamba kusamukira kumtunda, ndipo njira ya kusukulu yothawirako ikadali youma.

"Takhuta, mwananga," anathokoza m'Chisena, foni n'kuduka.

Mtima wa Priska unakhala pansi. Kenako anayambitsanso mapu aja pa seva yachiwiri, nawaikira malire abwana akuona. Sikirini inaonetsa kuti atha Lachisanu, alendo atapita kale.

"Aziyenda choncho," anatero a Sebastiano, akukoka mpando. "Tandipatsani pepala, ndilembe zokawauza alendowo mawa."