Chidendene cha Kumanzere

Masuti anatha msanga. Amalume anatenga yakuda, msuweni wa ku Chelstone anakumbatira yotuwa ngati wapeza mwana wosochera, ndipo pamphasa, pakhonde la nyumba ya ku Kabwata, panatsala nsapato zokhazokha. Palibe anazifuna. Malemu a Gilson anasiya mulu wa nsapato, koma zonse zinali zoperepeseka.

Beatrice, mwana wawo wamkulu, analibe nazo ntchito zovalazo. Maso ake anali pa mlongo wake Abednego, amene chibwerereni kuchokera ku Kitwe anali asanamuyankhule mawu abwino. Chifukwa chake ankachidziwa. Zaka zapitazo ndiye anaperekeza bambo awo ku India kukachitidwa opaleshoni ya mtima. Madokotala ananena kuti njira zinalipo ziwiri: kuimitsa mtima makina n'kumapopa magazi, kapena kulumikiza mitsempha yatsopano mtima ukugunda. Beatrice anavomera yachiwiriyo, Abednego n'kudzamva pafoni zonse zitatha.

Abednego anatola nsapato imodzi, kenaka ina, n'kuzitembenuza.

"Ona, Beatrice. Zonse zinasila kumanzele. Ba dadi benze kuyenda mopendama, mutima siunali bwino. Ba Nicodemus banabachita ya mashini chaka chamene chija, si aba bali moyo?"

Beatrice anangoti zyoli. Zidendenezo anali ataziona kale pozipukuta, ndipo mantha amene anamugwira anali omwewo: kuti mwina iye ndiye anafupikitsa masiku a bambo ake.

A Nicodemus, mnzawo wa malemu wa m'kwaya, anali pampando mwendo atausanjika pachitini. Anaseka mpaka kutsokomola, anthu n'kuwayang'ana modabwa, poti pamaliro pamasekedwa koma osati chotere.

"Nili moyo, ee," anatero akukwinya buluku kuonetsa chipsera chachitali pakatumba, pamene madokotala anachotsa mtsempha wokalumikiza kumtima. "Koma uyu mwendo, pamene banachosa mushipa, unanikana. Nenze nankala chabe pa mupando kulindila imfa. Ba tate bako babwela kuseni, ati, 'Nyamuka iwe! Mutima wako unagona pa thebulo, unapumula kale. Wanga sibanauimike, suziba kupumula.' Nabagwila pa phewa, apa kumanzele, tayenda mpaka ku Woodlands na kubwelela. Masiku onse, na mu mvula. Manje ona thupi yanga iyi, mwana wanga. Nsapato ingapulumuke?"

Thupilo linalidi la munthu wosakangana ndi mbale. Amalume anayamba kuseka, ena n'kutsatira.

"Ba dokota banabauza kuyenda," anatero mayi Exildah, amasiyewo, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, "osati kunyamula nkhalamba inzawo. Nenze kukamba, sibenze kumvela. Bakabwela njala yeka-yeka, baimba na mu bafa."

Kaya njira inayo ikanawapatsa zaka zochuluka, palibe pakhondepo akanadziwa, ngakhale madokotala a ku India omwewo. Beatrice anangokumbukira bambo ake asanapite kuchipatala, akupumira m'mwamba pongomanga zingwe za nsapato. Mtima wake unakhala pansi koyamba chiikireni maliro, ndipo analira mosabisa.

Abednego anasisita chidendene chodyekacho ndi chala chake.

Dzuwa litapendeka, a Nicodemus anatsitsa mwendo wawo n'kudzuka movutikira. Dzanja lawo lamanja linanyamuka lokha, mwachizolowezi, kufuna phewa limene panalibe. Linangotsala m'malere.

Abednego anavula nsapato zake zonyezimira za ku ofesi, n'kuvala za bambo ake. Zinamukulira pang'ono. Analowetsa phewa lake lamanzere pansi pa dzanja lija, mkuluyo n'kutsamira ndi thupi lonse.

Atafika pageti anacheuka.

"Ba sisi," anaitana, "ku Woodlands benze kupitila njila iti? Bwelani mutilangize."