Ongodutsa

M'kalata yochokera ku ofesi yoona za misewu munali liwu limodzi limene linamubaya pamtima Wojambula, mwana wamkazi wa wosoka nsapato. Kalatayo inati tizisakasa ta m'mbali mwa msewu tigwetsedwa Lachisanu, chifukwa eni ake ndi "ongodutsa". Chonsecho bambo ake anali atasoka nsapato pakona pomwepo zaka makumi atatu ndi chimodzi, mpaka benchi yawo inachita kachigwa pamene amakhalapo.

Wofuna kudandaula anayenera kukapereka umboni isanakwane folo koloko Lachinayi, ndipo tsikulo linali Lachinayi lomwelo. Wojambula anaimika kamera yake pamiyendo itatu tsidya lina la msewu. Ankadziwa kuti ukasiya diso la kamera lili chitsegulire kwa nthawi yaitali, chilichonse choyenda chimasungunuka ngati utsi, chokhala duu n'chimene chimatsala. Umboni wake unali umenewo.

Vuto linali dzuwa. Linali paliwombo, ndipo chithunzi choyamba chinatuluka choyera mbee. Moto, wowotcherera zitsulo wa pachisakasa choyandikana, anaona zimenezo. Anachotsa galasi lakuda pachigoba chake cha kumaso, nalipukuta ndi malaya, n'kumupatsa.

"Maso anga apumeko lero, mlongo. Mangani pamphuno pa kamerayo."

Wojambula analimanga ndi mphira. Kenaka anayang'ana mita, kachipangizo ka m'kamera koyeza kuwala, ndipo inati chithunzi chifunika mphindi yathunthu.

"Bambo, mungakhale osagwedezeka kwa mphindi imodzi?"

"Ine? Pokhapokha ndikamapemphera."

"Pempherani ndiye."

Mdalayo anaika nsapato pamwendo, natsinzina. Anapempherera mwini nsapatoyo, odwala, apaulendo, ana a Moto mmodzimmodzi, ngakhale amene analemba kalata ija. Pofika pa "Amen" mphindi inali itakwana ndendende. Wojambula anatseka diso la kamera.

Pakagalasi kakumbuyo kwa kamera panali poyera. Msewu panalibe, khoma panalibe, ndipo pamalo pa bambo ake panali kamthunzi kofooka ngati chizindikiro cha madzi papepala.

"Ha! Ngakhale kamera ikuti palibe munthu apa."

Anali bambo wa penti, amene ofesi inamutuma kudzalemba mitanda yofiira pa zisakasa zoti zigwe. Anali ataima kumbuyo kwake, akusuzumira, chitini chili m'manja.

Wojambula anapinda manja pachifuwa. Anayang'ananso kumene analozetsa mita ija: m'kati mwa chisakasa, mumdima wa zikopa ndi epuloni yakuda ya bambo ake. Apa m'pamene anakumbukira khalidwe la mita. Siidziwa chakuda kapena choyera. Chilichonse imafuna chioneke chotuwa ngati phulusa. Ikaona mdima imaganiza kuti kuwala kwachepa, n'kuitanitsa kochuluka, mpaka kumiza zonse. Sinaname. Inangoyang'ana malo amodzi n'kuweruza msewu wonse.

Anatembenuzira kamera ku khoma limene linkawombedwa ndi dzuwa, nayezanso. Masekondi khumi ndi asanu. Atabwezera kamerayo kwa bambo ake, mita inayamba kuphethira kuti kwada, kwada.

"Phethira mpaka utope," anatero chapansipansi. "Lero sindikumvera."

Anakuwira bambo ake kutsidya kwa msewu: "Bambo, pempheronso, koma lalifupi!"

"Lalifupi? Mulungu ndimuuze kuti mwana wanga wandiikira malire?"

"Akudziwa kale. Odwala muwapempherera madzulo."

Moto anaseka mpaka kutsokomola. Bambo wa penti anayang'ana wotchi yake.

"Mayi, mukundichedwetsa. Ndili ndi zisakasa makumi anayi."

"Msewu ndi wa aliyense, bwana. Dutsani."

Munthuyo anamva mnyozo m'mawuwo. Anawoloka, nayamba kuyendayenda dala patsogolo pa chisakasacho, uku ndi uku, akugwedeza chitini chake kuti awononge chithunzi. Wojambula anatsegula diso la kamera osamudikira. Njinga zinadutsa, mayi wosenza dengu anadutsa, basi inadutsa. Iye ankawerenga mumtima, ndipo pakati pa manambalawo anapempha chinthu chimodzi chokha: kuti bambo ake asayetsemule.

"Ambuye, mukundiona pamene ndili," anatero mdalayo. "Ndi pomwe paja. Amen."

Khumi ndi zisanu. Anatseka.

Chithunzicho chinali chobiriwira pang'ono chifukwa cha galasi la Moto. Msewu unali nkhungu yokhayokha. Koma pakati pa nkhunguyo panali bambo ake, khwinya lililonse la pamphumi likuoneka, ulusi ukulendewera pachala, chigwa cha pabenchi chikuonekera pambali pawo. Ndipo pakhomo loyandikana panali Moto, chigoba chopanda galasi chili m'manja. Nayenso anali ataima chilili osauzidwa.

Ananyamula kamera, nawoloka, n'kuionetsa kwa bambo wa penti. Iye anayang'ana nthawi yaitali, chala chikusakasaka pagalasi.

"Nanga ine ndili pati?"

"Munadutsa, bwana."

Wosoka nsapato sanali kuyang'ana chithunzicho n'komwe. Maso ake anali pansi.

"Nsapato yanuyo yayasamula, mwana wanga. Zisakasa makumi anayi simumaliza nayo. Vulani, khalani apa."

Anasendera, kumusiyira malo pabenchi. Bambo wa penti anaima kaye ngati wosokera. Kenaka anaika chitini pansi, nakanikiza chivindikiro ndi chidendene, n'kukhala.

"Dandaulo likalowa lero, pano sindilemba mpaka akulu akambirane," anatero osayang'ana aliyense. "Amatseka folo koloko. Zenera lachiwiri, osati loyamba, loyambalo akuchedwetsani."

Wojambula anamasula mphira, napukuta galasi lija ndi nsonga ya bulauzi, n'kulibwezera kwa mwini wake ndi manja awiri. Miyendo itatu ija anaisiya pomwepo kuti bambo ake amusungire, nauyamba ulendo wokatsukitsa chithunzi, kamera ataikumbatira pachifuwa.