Thabwa la m'Khitchini

Maliro atagona tsiku limodzi, a Hector Zimba adadzuka pampando wawo pansi pa tenti, n'kukodola mwana wawo Jason kuti awatsatire kuseri kwa nyumba. M'nyumbamo amayi a mpingo ankaimba motsitsa mawu. Thupi la akazi awo, a Rhodah, linali likadali kuchipatala, ndipo kuika kunali mawa lake.

"Bokosi sitigula ayi," adatero a Zimba. "Amai ako agona m'matabwa awo."

"Daddy, ba ku church bapeza kale casket yabwino mu town," adayankha Jason, akutikita maso ofiira. "Muzazivutisa chabe."

A Zimba sadamve zimenezo. Adaloza mulu wautali wa matabwa umene unali m'mbali mwa mpanda, wokutidwa ndi pulasitiki wakuda, njerwa zitatsamira pamwamba. Mulu umenewo udakhala pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Adagula matabwawo chaka chomwe adapeza puloti ku Chelstone, ndipo adalumbira pamaso pa mkazi wawo kuti denga ndi zitseko za nyumba yawoyawo zidzachokera m'menemo. Ku Chelstone kudakumbidwa maziko basi, kenako udzu n'kulanda malo. Banja lidakalambira m'kanyumba ka zipinda ziwiri ka ku Kabwata. Tsopano lonjezo lidatsala ndi khomo limodzi lokha lotulukira, lakuti a Rhodah akagone m'matabwa aja.

A Zimba adaphunzitsa Chingerezi kusekondale zaka makumi atatu, ndipo mawu ankawakonda kuposa ndiwo. Chaka chilichonse ankalemba pabolodi mawu akuti timber, n'kutembenuka monyada ngati adawapeka okha. Ankauza ana kuti kalekale, Angerezi akati timber ankanena nyumba yeniyeniyo, chinthu chomangidwa. Kuti m'Chijeremani muli m'bale wake wa mawuwa amene amatanthauza chipinda. Kuti pambuyo pake ndi pamene adayamba kutanthauza mitengo yomangira. Ankawonjeza kuti odula mitengo amafuula mawu omwewa mtengo ukamagwa, kuti anthu athawe, ndiponso kuti munthu woyenera udindo amamunena kuti ndi timber wabwino. Phunziro limeneli ankabwera nalo mpaka patebulo la kunyumba.

"Ndamva, aphunzitsi," a Rhodah ankatero. "Nanga tizigona m'mawumo?"

Mvula ikatha chaka chilichonse, mayiwo ankapempha chinthu chimodzi, kuti avundukule muluwo, matabwa apumeko mpweya. A Zimba ankakana. Dzuwa liwapinda, fumbi liwadetsa, akuba awaona. M'malo mwake ankagula pulasitiki wina n'kuyala pamwamba pa wakale. Chaka chachiwiri a Rhodah adatopa ndi kuika mapoto pansi, adasolola thabwa limodzi mwamuna wawo ali kuntchito, n'kulisanjika pa njerwa m'khitchini. A Zimba adakhala mlungu wathunthu osawalankhula, ati mkazi wanji wakuba chitseko cha nyumba yake yomwe. Thabwalo silidabwerere pamulu.

Dzuwa litakwera pang'ono kudafika Oswell, kalipentala wa mumpingo mwawo, tepi ili m'thumba, pensulo ili kukhutu. Adapepesa maliro, n'kuyamba kutsitsa njerwa. Adachotsa pulasitiki woyamba, wachiwiri, wachitatu. Atakweza womaliza, kudatuluka fungo la chinyontho, lofanana ndi la chovala choiwalika m'ndowa, ndipo mphemvu zidabalalika kulowa mumpanda.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Matabwa apamwamba anali akuda bii, atamatirirana ndi nkhungu yoyera. Oswell adabaya thabwa loyamba ndi chala, chala n'kulowa. Adayesa kunyamula lina, lidathyokera m'manja mwake popanda ndi phokoso lomwe. Apansi anali atasanduka dothi, chiswe chitamangamo misewu yake.

"Ba Ticha," adatero Oswell mwaulemu, maso ali pansi, "nindani anamiuzani kusunga so? Mapulanga sibagoneka pa doti. Bamaika pamwamba, na tumitengo pakati pa pulanga na pulanga, kuti mphepo izipita. Manje imwe munaphimba na plastic, madzi yenze kungena, kuchoka yalephera. Yanaola kalekale aya."

"Funa pakati," adatero a Zimba. "Pakati payenera kukhala abwino."

Oswell adafuna, chifukwa munthu wofedwa satsutsidwa. Jason adavula jekete n'kumuthandiza. Adaphwasula mulu wonse, thabwa ndi thabwa, mpaka manja awo adada. Sadapeze ngakhale lokwana chivundikiro.

A Zimba adakhala pansi pa njerwa zija. Manyazi adawagwira kuposa chisoni, ndipo chisoni chidabwera pambuyo pake n'kuwapeza alibe pogwira. Safunsa adadya phula. Ankadziwa kumene mawu aja akuti timber adachokera zaka chikwi zapitazo, koma sadafunsepo kalipentala ndi mmodzi yemwe mmene thabwa limagonera. Ndipo munthu amene ankadziwa ankagona pambali pawo usiku uliwonse, iwo n'kumamuyankha ndi pulasitiki watsopano.

"Kagule bokosi lija," adauza Jason. "Amai ako ndawanamiza kawiri."

Jason sadapite msanga. Adayamba walowa m'khitchini kudzera khomo lakuseri. Kudamveka kulira kwa mapoto akutsitsidwa pasimenti. Adatuluka atasenza thabwa lija, lakuda ndi utsi, lodzaza mizere yozungulira ya mapoto otentha. Oswell adaligogoda ndi chibakera, lidalira ngati ng'oma.

"Iyi ili che bwino," adatero. "Yenze kupuma. Bokosi siingakwane, koma chikwangwani cha pamanda chichoka. Nizaipala, ma mark aya yazasila."

"Usapale," adatero a Zimba. "Dula chabe. Zisiye mmene anazisiyira."

Adatuma Jason kukatenga choko m'kabati. Adagoneka thabwalo pamaondo, ndipo ndi dzanja lomwe lidadzaza mabolodi zaka makumi atatu, adalemba dzina la mkazi wawo pakati pa mizere ya mapoto, kuti Oswell adutsemo ndi chizulo. Zilembo zidapendama. Adafufuta ndi mkono wa malaya n'kuyambiranso.

Oswell atanyamuka ndi thabwalo paphewa, a Zimba adalowa m'khitchini kuti amwe madzi. Milu iwiri ya njerwa inali chiimire kukhoma, pakati pake palibe kanthu, ndipo mapoto a Rhodah anali atabwerera pansi.