Buleki ya Dzanja Lamanja

Telala anatuluka m'nyumba ndi chikwama cha zovala za amayi ake, n'kupeza bambo ake atagwada pakhonde, njinga ataigadabuza. Ankazungulitsa tayala lakumbuyo, khutu atatchera.

Telala anapumira m'mwamba. Msana unkamuwawa chifukwa chowerama pamakina osokera sabata yonse, ndipo m'maso munali ngati mwathiridwa mchenga. Amayi ake anali atagonekedwa kuchipatala cha kuseri kwa chitunda, ndipo basi zinali zitasiya kufika kudera kwawo chionongekereni msewu.

"Bambo, si tinagwirizana kuti ndipita ndine?"

"Unagwirizana ndi makina akowo," anayankha osacheuka. "Wagona kumeneko ndi mkazi wanga. Chimugonekereni sindinamuone."

Bambowo anakalambira pa ntchito yogawa makalata, pa njinga yomweyo. Chaka chathachi matenda anawafoola mbali yakumanja. Mwendo unachira, pakamwa panawongoka, koma dzanja linatsalira. Kuyambira pamenepo anali asanapalasenso.

Telala anakhala pansi pakhomo, chikwama pamiyendo. Analibe mphamvu zokangana. Anangowayang'ana akudina matayala ndi chala, akugogoda masipoko imodziimodzi, akudonthezera mafuta patcheni. Anagwedeza chishalo, n'kumangitsa nati ndi sipanala. Zonsezi ankachita ndi dzanja lamanzere.

"Nthawi yoonera odwala itithera pano. Njingayi ili bwinobwino, ikuchita kuwala."

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njinga suikhulupirira ndi maso."

"Mumaisamala kuposa ife ana anu."

"Iyo siyankha ndikamalankhula."

Telala anaseka pang'ono, kuseka kotopa, n'kuwathandiza kuitembenuza. Bambowo analiza belu. Anaikankha pabwalo n'kufinya buleki yakumanzere. Tayala lakumbuyo linakhula pansi, njinga n'kuima. Anakankhanso, n'kufinya yakumanja. Zala zinapindika pang'onopang'ono, koma njinga inangopitirira mpaka kukagunda ndowa ya madzi.

"Waya wamasuka," anatero.

Anagwadanso, n'kukoka wayayo, n'kumanga. Anayesanso kachiwiri. Njinga inapitabe.

"Timphira ta bulekiti tatha. Za masiku ano sizilimba."

"Tabweretsani ndione."

Telala anaikankha, n'kufinya ndi zala ziwiri zokha. Njinga inaima nji, tayala lakumbuyo mpaka kunyamuka. Pomwepo anazindikira chimene wachita, ndipo analakalaka akanafinya mofatsa.

Iye ankaganiza za mtsetse wa kuseri kwa chitunda, kumene msewu umakathera pamphambano ya malole. Ankaganizanso za kuchapira ndi kudyetsa odwala awiri m'malo mwa mmodzi.

Bambowo anayang'ana dzanja lawo nthawi yaitali. Analitambasula, n'kulifumbata, n'kulipukuta pa buluku ngati kuti vuto linali mafuta.

"Njinga ili bwino," anatero motsitsa mawu.

Telala anaganiza kuti alowa m'nyumba kukagona. Koma iwo anazungulira kumbuyo kwa njingayo, n'kugwira kaliyala ndi kumugwedeza mwamphamvu. Nati imodzi inali yolobodoka. Anaimanga, kenako anapinda thaulo lakale n'kuliyala pamenepo.

"Kunyamula munthu umatha?"

"Mapasa anga ndinkawanyamula onse awiri, limodzi ndi nsalu za makasitomala."

"Ana ndi nthenga. Ine ndine thumba la miyala."

"Miyala yake iti? Mwatsala mafupa okhaokha."

"Pamtsetse uyambe buleki yakumbuyo. Yakutsogolo uziigwira pang'onopang'ono. Ukaifinya ngati muja, tonse tikagona wodi imodzi ndi amayi ako."

Anatsitsa chishalo kuti chimukwane mwana wawo, n'kukwera kumbuyo, chikwama atachikumbatira. Poyamba njinga inayenda mokhotakhota. Telala analuma mano, n'kupondereza, mpaka inawongoka. Ntchafu zinkatentha, thukuta likuyenderera m'khosi. Pachitunda anatsika onse awiri n'kumakankha, aliyense akumva wefuwefu wa mnzake.

Pamtsetse anachita monga anauzidwa. Ankamva chipumi cha bambo ake chitatsamira pamsana pake. Atadutsa mphambano ija, mpanda wa chipatala utayamba kuoneka, bambowo anamukoka malaya.

"Unditsitsire pano. Unati zenera la amayi ako limayang'ana kugeti."

Telala anaima. Anatenga chikwama, n'kuwasiyira mahandulo. Bambowo anakonza kolala, n'kuwongola msana, n'kuyamba kukankha njinga yawo kulowera kugeti, ngati kuti abwera akupalasa okha. Iye ankabwera m'mbuyo mwawo, akukoka miyendo.