Kukwera Chambe ndi Apongozi

1.

Iwo patsogolo, iye pambuyo.

Pakati pawo pali mpata woti ngolo ikhoza kukhotapo. Fanuwelo akuyenda maso ali pansi, pakuti kudzutsa mutu ndiko kuona msana wa Mayi Nampinga, apongozi ake, ndipo mkamwini wolongosoka sapenyetsetsa msana wa apongozi. Koma pansipo, panjira yokwera ku Chambe, pali izi:

chitini cha nsomba chili kukamwa yasa,
sokosi imodzi youma ngati chikopa,
botolo la madzi achikasu amene si madzi,
pepala la kuchimbudzi lopsinja ndi mwala, ngati kuti mwini wake adzalibwerera.

Mseru.

2.

Edina, mkazi wake, ali pamwamba pa phirili. Anabwerako kunja kumene anapita pa ntchito yoperekeza alendo m'mapiri, koma kumudzi sanapondeko. Amayi ogulitsa nanazi pa Likhubula ndiwo anamuona akutsika galimoto ndi azungu, chikwama kumsana, nalunjika kuphiri osacheuka.

Fanuwelo ndi mphunzitsi, ndipo amakhala chikamwini. Njerwa za nyumba yawo anaumba yekha pa tchuthi, malata anagula limodzilimodzi. Banja likatha, mkamwini amapinda bulangete lake n'kuona msana wa njira. Nyumba imatsala. Mapeyala amene anabzala amatsala.

Dzulo lake Mayi Nampinga anaima pakhola, nkhope atalozetsa kumbuzi, nakweza mawu kuti akafike pakhonde pamene iye anakhala. Za m'maluwa zandikwana, anatero. Mawa ndikwera phiri. Mwana wanga akandiuze ndi pakamwa pake ngati banjali lilipo kapena kulibe. Eni banja akafuna, atsatire.

3.

Ananyamuka atatu. Wachitatu anali a Khoromana, malume ake a Edina, nkhoswe ya banjalo, atavala jekete ndi nsapato za kutchalitchi. Pachitunda choyamba penipeni anakhala pamwala, navula nsapato imodzi, naiyang'ana m'kati ngati yawalakwira.

Achemwali, pitirirani, anatero. Bondo ili ndinalisiya m'migodi ku Joni, chimene mukuona apachi ndi chithunzi chabe.

Achimwene, ndiye mwana wa eni ake ndiyende naye ndekha? Anthu ati chiyani?

Anthu ake ati, anyani? Inu patsogolo, iwo pambuyo, basi. Akamwini, mukakhala ndi mawu muziuza mitengo, achemwali amva okha. Pobwera mundipeza pa okala paja pali mthunzi.

Fanuwelo ankadziwa chimene amagulitsa pa okalapo. Anati zikomo, malume.

4.

Iwe mkamwini wa kwawo kwa Edina, tamvera.

Usadye iwo akuona.
Usawayang'ane m'maso.
Mukakumana panjira, patuka, lowa patchire, unjute, uombe m'manja nkhope ili kumbali.
Usawakhudze, ngakhale nsonga ya chitenje.
Dzina lako iwo salitchula.

Manyaziwa amachepa mwana akabadwa, akuluakulu akakhala pansi, nkhuku ikaphedwa. Iwe mwana ulibe.

Kukoleji ya aphunzitsi unalemba nkhani yaitali yonena kuti miyambo yotereyi ndi goli lakale losathandiza. Anakupatsa malikisi ambiri. Utafika kumudzi unawaona akuchokera kumjigo, ndipo unadziponya m'munda wa chinangwa ndi malaya oyera.

5.

Edina anayamba n'kunyamula zikwama za alendo, amuna a pa Likhubula akumuseka. Kenako anakhala woperekeza. Kenako kampani ina inamutenga kupita naye kutali. Mawu ake ankabwera pafoni, mpweya uli wefuwefu.

A Fanu, kuno ndi ku Kilimanjaro, madzi auma gwa m'botolo, mzungu wina wandisanzira pansapato koma tafika pamwamba, ndalira.

A Fanu, Rwenzori ndi matope okhaokha, mpaka m'ntchafu, inu simukanatha, mukanayamba kupepesa matopewo.

A Fanu, ku Ethiopia kuli anyani a pachifuwa pofiira, amadya udzu atakhala pansi ngati anthu pamaliro.

A Fanu, ku Nepal milatho yake ndi ya zingwe, ng'ombe zaubweya zikamabwera umatsamira kuphiri, ukatsamira kuphompho wapita.

A Fanu, netiweki ikuvuta.

A Fanu.

Kenako zithunzi zokha. Kenako zithunzi zimene anatumizira anthu onse, iye n'kuziona pamodzi ndi ena.

6.

Iwo patsogolo, iye pambuyo.

Kumtunda kunamveka likhweru. Anali ocheka matabwa, akutsika chothamanga opanda nsapato, aliyense thabwa lalitali pamutu. Munthu wosenza chotero saima, woima ndiwe. Njira inali yopapatiza, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho, ndipo popatukira panali pamodzi pokha, pakamphako kamene Mayi Nampinga anali atalowa kale. Malo analipo okwana awiri, akadalola kugundana mapewa.

Fanuwelo anabwerera m'mbuyo, nalumphira kuseri kwa mwala wina kumunsi. Phazi lake linatera pa chofewa. Ntchentche zinadzuka zonse pamodzi. Mlendo wina anali atadzithandiza pamenepo, nasiya ndi mapepala ake omwe, oyera, ambiri, monga amasiyira anthu odya bwino.

Wocheka matabwa woyamba anaona zonse osachepetsa liwiro. Abwana, mukuthawa njoka? anafunsa.

Ndi apongozi awo aja, anayankha wachiwiri.

Iii, pepani. Bola njoka.

Anapita ndi kuseka kwawo, matabwa akunjanja pamitu, fungo la mkungudza likutsala m'mbuyo kwa kanthawi kochepa, kenako fungo linalo n'kubwerera.

7.

Mayi Nampinga anaima, osacheuka. Anakweza ndodo yawo naiyang'ana.

Ndodo iwe, anatero, uwauze a kumbuyoko kuti pamtsinje apo pali mchenga wabwino. Atsuke nsapato. Fungo likutipitirira ife otsogola, likafika kwa Edina ife tisanafike.

Fanuwelo anayang'ana mtengo wa pambali pake. Mtengo iwe, anatero, uwauze amayi kuti ndamva. Ndathokoza.

Ndodo iwe, uwauzenso kuti akafika kumeneko asakaime ngati chitsa. Mkazi amafuna mawu. Bambo ake a Edina anali osauka, anali oipa nkhope, koma pakamwa anali napo.

Fanuwelo anatsikira kumtsinje.

Atatsuka nsapato anapeza chinangwa chophika pamwala, chokulunga m'tsamba. Iwo anali atazimirira kuseri kwa khona. Anadya atafulatira, akutafuna mosamala kuti mano asamveke.

8.

Ndipo pokwera anaona zitsa za mkungudza zili mbuu mbali zonse ngati mano otsala m'kamwa mwa nkhalamba ndipo anadzifunsa kuti kodi anthuwa amaoloka nyanja zamchere kudzaona chiyani, zitsa kapena zonyansa za anzawo amene anabwera chaka chatha, ndipo anaganiza za mapiri onse aja a pafoni, Kilimanjaro, Rwenzori, a ku Nepal, kuti kuseri kwa mwala uliwonse kumeneko kulinso pepala lopsinja ndi mwala limene silioneka pachithunzi, ndipo ananyansidwa ndi azungu ndi ndodo zawo zachitsulo ziwiriziwiri, ananyansidwa ndi a Khoromana amene panthawiyo anali atayamba botolo lachiwiri, ananyansidwa ndi mwambo umene umachititsa munthu wa satifiketi kulankhula ndi mitengo, ananyansidwa ndi nsapato yake yonyowa imene inkalira fwatafwata, koma koposa zonse ananyansidwa ndi mwamuna amene mkazi wake atanena kuti andiitana kunja anangoti chabwino, atanena kuti andiwonjezera miyezi anangoti chabwino, atasiya kuimba anangoti mwina netiweki, mwamuna amene lero akukwera phiri kumbuyo kwa mayi wokalamba kuti mayiyo akamufunsire ngati akadali ndi mkazi

9.

Chiperoni chinatsika mosachenjeza, nkhungu ndi mvula yamawawa. Thanthwe limene anayenera kudutsa linasanduka sopo.

Anamva ndodo ikugwa, ikugubuduka. Atadzutsa mutu anaona Mayi Nampinga ali chogwada pakati pa thanthwe, akutsetsereka pang'onopang'ono, zala zikukanda mwala wopanda pogwira. Kumunsi kwawo thanthwelo linkathera m'nkhungu.

Mpata uja anaudutsa osadziwa. Anafika pambali pawo, dzanja lake litatambasuka kale, lili pafupi ndi mkono wawo.

Asandigwire, anatero iwo, nkhope ili kuthanthwe. Mawu anali otsika, osanjenjemera. Uwauze asandigwire. Banja la mwana wanga likadalipo.

Ndodo inali itakodwa paudzu. Anaitola, naponda pamng'alu, nawapatsira nsonga. Iwo anagwira uko, iye uku. Anakoka. Anakwera ndi maondo mpaka paudzu, nakhala pansi atamufulatira, nang'amba kansalu kumpango wawo kumanga bondo limene linkatuluka magazi.

Ndodo iwe, anatero atapuma, wagwira ntchito.

Iwo patsogolo, akutsimphina. Iye pambuyo.

10.

Pamwamba pa Chambe pali chidikha cha udzu, ndi nyumba yogonamo alendo. Azungu anali pakhonde atavula nsapato, mapazi oyera ngati nsomba zosenda ali pamphepo. Edina anali atanjuta patsogolo pa mmodzi wa iwo, akumumata pulasitala pachithuza. Anavala jekete lofiira limene Fanuwelo ankalidziwa pazithunzi.

Anaimirira pang'onopang'ono.

Amayi. Mwakwera phiri ndi chitenje?

Ndinakubereka ndili ndi chitenje.

Bondolo mwatani?

Lisiye bondo.

Pamenepo Edina anayang'ana kupyola phewa la amayi ake, kumene Fanuwelo anaima patali pake poyenera. A Fanu, anatero. Mwaonda.

Iye anali atakonza mawu kuyambira pamtsinje paja. Anali mawu abwino, oyalana, ena a m'Baibulo. Mwafika liti? ndiwo anatuluka.

Papita masiku.

Chabwino.

Mayi Nampinga anapumira m'mwamba. Tiye kuseri, anauza mwana wawo.

11.

Fanuwelo anakhala pachipika cha pabwalo. Mzungu wa chithuza uja anabwera chotsimphina, namwetulira, nanena zikomo kawiri, namuika m'manja pulasitala yakale yonyowa ndi mafinya, pamodzi ndi makoko a nthochi. Ankayesa kuti ndi wonyamula katundu.

Fanuwelo amaphunzitsa Chingerezi sitandade 8. Akanatha kumuyankha m'chinenero chake chomwe, mopanda cholakwa ngakhale chimodzi.

Analandira. Anakataya kudzala.

Mseru.

12.

Kuseri kunkamveka mawu a anthu awiri, koma mphepo inkawadula. A mayi, aatali. A mwana, aafupi. A mayi, aafupi. Kenako a mwana okhaokha, osalekeza, ofatsa, monga amalankhulira munthu amene nkhani anaimaliza kalekale mumtima mwake.

Kenako madzi akuthiridwa m'beseni.

Fanuwelo anapemphera kanthu kamodzi kokha, kuti Edina ndiye atuluke woyamba.

13.

Amene anatuluka ndi Mayi Nampinga, okha, atanyamula mbale imodzi ya mpunga ndi nyemba kuchokera kumphika wa alendo. Nkhope inali yosamba kumene.

Fanuwelo anadzuka kuti apatuke. Anayang'ana kumene angakanjute, kuudzu, kuseri kwa mulu wa nkhuni. Koma iwo sanaime pamene amaimira. Anabwerabe, akukoka mwendo, mpaka mpata wonse unatha.

Khala pansi, Fanuwelo.

Dzina lake m'kamwa mwawo linamveka ngati la munthu wina. Anakhala. Iwo anakhala pachipika chomwecho, bondo lomanga lija likukhudza lake, naika mbale pakati. Anamuyang'ana m'maso. Zaka zonsezi sankadziwa kuti diso lawo lakumanzere lili ndi ng'ala.

Amayi, anatero, akuyang'ana mulu wa nkhuni, uwauze amayi kuti...

Nkhunizo zisiye. Lankhula ndi ine.



Malata aja ukazule, anatero iwo. Ndi ako, unagula wekha, ndinkaona. Wina akakuletsa, kaya ndi achimwene anga, abwere kwa ine. Mapeyala akamapsa uzibwera kudzathyola masana, osati ngati mbala. Potsika undigwire mkono, mwana wanga, bondo ili latupa.

Anamusunthira mbale.

Fanuwelo anaona dzanja lawo likulowa mumpunga, mbali yawo, ndi kusiya mbali yake. Anafuna kuthawira patchire, kuomba m'manja nkhope ili kumbali, kuponda chilichonse chimene chili kuseri kwa mwala, kuti mpata uja ubwerere. Kukhonde Edina anali atabwerera kwa alendo ake, akuwalozera nsonga ya phiri yoti akwere mawa.

Idya, anatero Mayi Nampinga.

Anadya, iwo akuona.