Nyemba Zosanyika

Makaniko anali pakati posesa m'chipinda chake m'mawa wa Loweruka pamene anaona thumba la nyemba pawindo, lomanga monga analigulira. Anaiwala kuzinyika. Dzulo lake anamuitana kugalaja kuti akadzutse lole yomwe inafera panjira, ndipo pobwera anangodziponya pabedi ndi ovolosi yomwe.

Anaima ndi tsache m'manja. Masana a tsikulo mwana wake wamkazi ankabwera kudzamuona, koyamba chichokereni mkazi wake ndi mwanayo. Pafoni mkaziyo sanazungulire: mwana abwera ndi mayi ake aakulu, adya cha masana, abwerera. Zimene mayi aakuluwo akanene ndi zomwe zidzagamule ngati mwana adzapondenso pakhomopo. Atafunsa chimene mwana amakonda masiku ano, anangomuyankha kuti nyemba zoyera zing'onozing'ono zija ndi mpunga, foni n'kudula.

Anakagogoda kwa mayi wosoka zovala wa khomo loyandikana. Mayiyo anamvetsera akumwetulira, tepi yoyezera ili m'khosi, kenako anatulutsa poto wamagetsi wonenepa ngati ndowa, wa chivindikiro chokhoma.

"Uyu amaphika ndi nthunzi yotsekeredwa m'kati. Ngakhale nyemba zouma gwa, sachedwa nazo," anatero. "Madzi asapitirire mzere uwu. Akalira kuti watha, musamugwire. Mwakaona kamsomali aka? Kakatsika kokha, ndiye mutsegule. Kachitseko ka nthunzi aka musakakankhe, nyemba zimachita thovu."

"Mayi, ine ndimatsegula mainjini otentha tsiku ndi tsiku."

"Injini simudyetsa alendo, bambo."

Atabwerera, anakhuthulira nyemba m'mbale yaikulu n'kuyamba kusankha timiyala ndi zofumbwa, ndi zala zomwe mafuta a galimoto anakana kuchoka m'zikhadabo. Anazitsuka, anazithira m'poto, anawonjezera madzi, anyezi, mafuta pang'ono ndi mchere, n'kuzunguliza chivindikiro mpaka chinagwira. Atadina batani, tinambala tofiira tinayaka. Mpunga anautereka pasitovu, n'kuthamangira kukasamba.

Alendo anafika asanamalize kumanga mabatani a malaya. Alamu ake, akulu ake a mkazi wake, ndiwo analowa poyamba, chikwama chili m'khwapa, atavala diresi loyera. Mwana anali kuseri kwa diresilo.

"Takulandirani, alamu. Mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino, kaya inu."

Maso awo sanali pa iye. Anasuzumira kuseri kwa chitseko, pamwamba pa kabati, m'mbali mwa bedi. Makaniko anadziwa kuti akusaka mabotolo. Munalibe ngakhale limodzi, pakuti mowa anausiya miyezi yapitayo, koma manyazi anamugwira ngati kuti awapeza.

Anagwada bondo limodzi. "Kabawuti, bwera ndikuone."

Dzinali anamupatsa akali kukwawa, pamene ankapisa m'matumba a ovolosi n'kumandandalika tibawuti pansi. Tsopano anali atatalika, mano akutsogolo atachoka. Mwanayo anapereka dzanja monga amachitira kwa munthu wachilendo, n'kukakhala pamphepete pa bedi, mawondo atagundana.

Anamufunsa za kusukulu, mwana anati kuli bwino. Anamufunsa za anzake, mwana anati alipo. Mafunso atatha, m'chipindamo munangotsala kung'ung'udza kwa poto. Alamu anayang'ana wotchi yawo.

"Mayi ake anena kuti tisachedwe. Inenso ndili ndi kwina kopita."

"Zatsala pang'ono, alamu."

"Munadziwa kale kuti tikubwera lero. Kapena dzulo munatanganidwa ndi zina?"

"Ndinali kuntchito."

"Oho."

Poto analira katatu. Makaniko anadzambatuka, anagwira chivindikiro, koma sichinasunthe. Kamsomali kaja kanali chiimire. Anayala mbale patebulo, anazisuntha, anaziyalanso. Anavundukula mpunga, anauvundikiranso. Akayang'ana kamsomali, kali pomwepo. Kenako m'mimba mwa mwana munalira moti onse anamva, mwanayo n'kugwira pamimba mwamanyazi.

"Mwanayu sanalawe kanthu m'mawa," anatero alamu. "Amakana, amvekere ndikadya kwa adadi."

Mawuwo anamulasa Makaniko mumtima. Alamu anatsegula chikwama n'kutulutsa paketi ya mabisiketi.

"Gwira, mama, poti kuno chakudya n'choonera ndi maso."

Makaniko anatambasula dzanja n'kukankha kachitseko ka nthunzi.

Mkokomo wake unagonthetsa m'khutu. Nthunzi inalunjika kudenga, pambuyo pake panabwera thovu, kenako msuzi wotentha umene unawazikira patebulo, pakhoma ndi padiresi loyera lija. Alamu anakuwa n'kudumpha, mpando unagwa. Makaniko analowetsa dzanja m'nthunzimo kufunafuna kachitseko, n'kukabweza pamalo pake. Phokoso linatha, koma kumbuyo kwa dzanja lake lamanja kunali kutafiira kale, kukuyaka.

"Mukufuna kutiwotcha?" anatero alamu. "Ndinamuuza mng'ono wanga, ndinati munthu uja sangasamale ngakhale nkhuku. Taonani zimene mwandichita. Bwanji zikanamugwera mwana kumaso?"

Makaniko anamva mkwiyo wake wakale uja ukukwera. Ankaudziwa bwino. Nsagwada zinalimba, m'makutu munatentha, ndipo dzanja lake lamanzere linali litagwira kale mbale yadothi, litaikweza pang'ono patebulo. Anatembenuka kuti awayankhe.

Pamphepete pa bedi panalibe munthu. Bisiketi yolumidwa inali pansi, ndipo kunsi kwa bedi kunkaoneka tizidendene ta nsapato. Mkazi wake ankamuuza kuti iye akamabwera akulalata, mwana ankathawira kunsi kwa bedi, koma anali asanazionepo ndi maso osaledzera.

Anaibweza mbale ija patebulo pang'onopang'ono, kuti isalire.

Alamu anawerama. "Tuluka, mama, tizipita kwathu." Anagwira phazi la mwana, koma mwanayo analikokera m'kati.

"Alamu," anatero Makaniko chapansipansi, "wolakwitsa ndine. Chonde, ndipatseni kanthawi."

Sanadikire yankho. Anagona chagada pasimenti monga amagonera kunsi kwa galimoto, n'kukhwekhwereza msana mpaka mutu unalowa kunsi kwa bedi. Munali mdima ndi fumbi. Mwana anali atadzipinda kukhoma, manja ali m'makutu, maso atatong'ola. Makaniko sanamugwire. Anangoyang'ana matabwa a bedi pamwamba pake n'kudikira kuti mpweya wake ubwerere m'malo.

"Kabawuti, ndi poto uja walira. Si munthu."

Mwana anamuyang'ana. Patapita kanthawi, dzanja limodzi linachoka kukhutu.

"Mwakwiya?"

Makaniko anafuna kunena kuti ayi, koma maso aja ankamuyang'anitsitsa.

"Ndinakwiya pang'ono. Koma sindikalipa, sindiphwanyanso kanthu. Mwini wake wa poto anandiuza kuti ndidikire, ine osadikira."

"Amayi aakulu akwiya."

"Akwiyadi. Diresi lawo ladya nyemba iwe usanadye."

M'mdimamo munatuluka kaphokoso kakang'ono, kapakati pa kuseka ndi kusisima. Kumtunda, alamu anatulutsa mpweya m'mphuno, ndipo Makaniko sanadziwe ngati unali mkwiyo kapena china.

"Dzanja lanu latani?"

"Lapsa pang'ono."

"Amayi amaviika m'madzi ozizira."

"Ndiviika. Koma kutuluka ndekha ndikuopa, amayi ako aakulu ali panjapo ndi chikwama chachikulu."

Mwana anabisa pakamwa ndi dzanja. Anagona choncho awiriwo, wina kukhoma, wina miyendo ili kunja. Makaniko anamva mapazi a alamu akupita pampopi, madzi akutsika, mapazi akubwerera. Beseni linaikidwa pasimenti pafupi ndi chiuno chake.

"Viikani dzanjalo lisanachite matuza," anatero alamu. Mawu awo sanali okoma, sanalinso aukali. "Ndipo kachitsulo kanu kaja katsika."

Makaniko anatuluka chokwawa, kangaude ali m'tsitsi, n'kumiza dzanja m'beseni. Alamu ndiwo anazunguliza chivindikiro, atatalikitsa nkhope. Chinatseguka mosavuta. Fungo la anyezi ndi nyemba linadzaza chipinda. Msuzi wambiri unali pakhoma, koma wotsalawo unali wokwanira, ndipo atafinya nyemba imodzi ndi supuni, inaphwanyika ngati batala.

Mwana anatulutsa mutu kaye, kenako mapewa. Sanapite patebulo. Anakhala pasimenti pafupi ndi beseni, ndipo onse anadyera pomwepo, kupatula alamu amene anadzutsa mpando wawo n'kuyika mbale pamiyendo.

Ali pakati pakudya, foni inalira m'chikwama. Alamu anaiyang'ana, n'kuyang'ana Makaniko.

"Ndi mayi ake."

Anatuluka nayo pakhonde. Makaniko anasiya kutafuna. "Ayi, tikadali konkuno," anawamva akutero. "Akudya. Eya, akudya ndithu." Kenako anatsitsa mawu. Nkhaniyo inatalika, ndipo iye ankangomva kung'ung'udza, osatola kanthu. Anayang'ana msuzi umene unkauma pakhoma.

Alamu atabwerera, anakhala pansi, anatola supuni yawo n'kudya kaye kangapo.

"Ndamuuza zonse, sindinabise kanthu," anatero pomaliza, maso ali m'mbale. "Akuti ulendo wina adzabwera naye yekha, adzadzionere. Ine sindinakulonjezeni kanthu, alamu."

"Ndamva, alamu. Zikomo."

Mwana, amene ankaoneka ngati sakumvetsera, anatambasula mbale yake yopanda kanthu. Makaniko anakwawira papoto n'kutunga ndi dzanja lamanzere, losazolowera. Chipande chinapendekeka, nyemba zinatayikira pasimenti pakati pa awiriwo.

Mwana anayang'ana nyembazo, n'kukweza maso kuyang'ana nkhope ya bambo ake. Anadikira, mapewa atakwera pang'ono.

Makaniko anatunganso. Mwana anasendeza mbale yake pafupi, n'kuigwira ndi manja awiri.