Magazi a Telala

Telala analowa m'chipinda chopimira atakoleka magauni oyera asanu paphewa, koma palibe amene anamulandira. Mkazi wake, amene anzake akuntchito ankamutcha Namandala chifukwa cha magalasi ake aakulu, anali atakhala pampando wautali, dzanja lili patsaya. Namwino wachikulire wotenga anthu magazi anali ataima pafupi ndi sinki akukalipira foni imene anali ataidula kale.

"Dzino! Munthu wamkulu ngati uja, dzino limodzi mapiritsi anayi!"

"Odi kuno," anatero Telala. "Ndabweretsa zovala mumafuna zija. Kodi kwagwanji?"

"Ikani pomwepo, bambo a mwana," anayankha mkazi wake osadzutsa mutu.

Namwino ndiye anafotokoza. Dalaivala wapantchitopo analembetsa kuti apereka magazi tsikulo, koma dzino litamusautsa anamwa mankhwala opha ululu amene amalepheretsa magazi kuundana. Magazi otero sakanathandiza mpaka patatha sabata. Chonsecho makina oonera zinthu zing'onozing'ono kwambiri ankagwiritsidwa ntchito mosinthana ndi anthu a zipinda zina, ndipo Namandala akaphonya tsikulo akanadikiranso miyezi iwiri.

"Nanga inuyo mulibe magazi?" anafunsa Telala.

"Anga ndi odzaza mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Akazi anuwa ndi oyembekezera, kapena mwaiwala ntchito yanu yomwe?"

Telala anaseka chamanyazi. Namwino anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumikono, ngati munthu wosankha mbuzi pamsika.

"Ayi, mayi," Namandala anafulumira kulankhula. "Awa asiyeni. Tsiku la katemera anakomoka ali pamzere, singano asanaione n'komwe."

"Telala kuopa singano! Si mumadya za singano inu?"

"Zanga zimabaya nsalu," anatero Telala. "Nsalu siikuwa."

Anaika magauni patebulo kuti azipita. Pambali pake panali mbale yagalasi, ndipo m'menemo munali timapaipi tofewa, toduladula, tina toyera tina totuwirako. Telala anaima. Kapaipi kotero ankakadziwa bwino. Zaka zisanu zapitazo mwana wawo woyamba anagonekedwa m'chipatala, ndipo anamulowetsa kapaipi mumtsempha wapadzanja kuti alandire diripi. Matenda amene anamugonekera aja anatha, koma majeremusi anatsata kapaipiko n'kulowa m'magazi. Dzanja linatupa, thupi linatentha ngati chitsulo chositira, ndipo Telala ndi mkazi wake anakhala milungu itatu asakudziwa ngati mwanayo atuluke wamoyo. Tsopano anali mtsikana wathanzi, wothyola mipando kusukulu.

Kunyumba Telala ankangodziwa kuti mkazi wake amapima zinthu. Sanafunsepo kuti zinthu zanji.

"Timeneti mukutani nato?" anafunsa.

Namandala anatola kamodzi ndi kachitsulo kopanira. "Totuwati tinatipaka mankhwala opha majeremusi. Kupha amapha ndithu, zimenezo tinatsimikiza. Vuto ndi magazi. Mankhwala oyamba ankaphulitsa maselo ofiira. Achiwiri ankaundanitsa magazi, kapaipi n'kutsekeka. Awa ndi achitatu. Zaka ziwiri, bambo a mwana."

"Ndiye kuti galu wake aziluma mbala, koma mwini nyumba ayi."

"Ndi zomwezo."

Telala anakanda m'mutu. Anayang'ananso mbale ija.

"Mumatenga ochuluka bwanji?"

"Osakwana ngakhale theka la kapu," anatero namwino.

"Sindinakupempheni ine," anatero mkazi wake. "Musadzati ndinakukakamizani."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bweretsani pepalalo."

Namwino anatulutsa Namandala panja, chifukwa lamulo silinkalola kuti munthu avomere mkazi wake atamuimirira pamutu. Anamuwerengera pepala lonse pang'onopang'ono, namufunsa ngati wamwa mankhwala ena aliwonse mlungu umenewo, ngati wadwalapo posachedwa, ndiponso ngati wadya. Telala anasaina, koma dzina lake linatuluka lokhotakhota ngati msoko wa wophunzira.

Atamukhazika pampando wotsamira, namwino anamumanga lamba pamkono. "Taonani mitsempha! Misewu yeniyeni. Mulungu amapatsadi nyama osowa mano."

Telala anathawitsa maso ake, ndipo anakagwera pa yunifolomu ya namwinoyo. Thumba lake linali lopendekeka, ulusi wake wotuwa pansalu yoyera.

"Mayi, anakusokerani ndani chimenechi?"

"Mlamu wanga."

"Ameneyo mukamutengere kupolisi. Thumba likuloza kumpoto, kolala kummwera. Mabataniwo anasokera mumdima kodi? Ine zoterezi ngakhale ndili mtulo..."

"Pindani mkono."

"Dikirani kaye ndikonzeke."

"Mukonzekere chiyani? Ndatha kale."

Telala anaona timabotolo tinayi todzaza tili m'kathireyi. Anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, chipinda chinazungulira kamodzi, ndipo anatsamira msanga. Koma sanakomoke. Namwino anamumata pulasitala, namupatsa chakumwa chotsekemera.

Namandala anaika tizidutswa ta kapaipi m'timabotolo ta magaziwo, natiimika m'madzi ofunda ngati thupi la munthu. Anati adikire ola lathunthu. Telala sakanatha kungokhala. Anatulutsa singano imene ankaibisa m'kolala, nauza namwino kuti avale gauni yatsopano, ndipo anasula thumba lija n'kulisokanso. Uku akusoka, ankaponya maso kwa mkazi wake. Namandala ankayenda mwachangu pakati pa matebulo, kamimba patsogolo, akulemba manambala osayang'ana n'komwe cholembera. Anali asanamuonepo chonchi.

Ola litakwana, timabotolo tinalowa m'makina ozunguza. Makinawo analira ngati njuchi kwa mphindi khumi, kenako anazima.

"Maselo amatsikira pansi, madzi amatsala pamwamba," anatero Namandala. "Madziwo akafiira, ndiye kuti maselo aphulika."

Anatulutsa koyamba, kamene anathiramo dala madzi wamba kuti kakhale koyerekezera. Kanali kofiira kuti psuu. Telala anayesa kuti zalephereka, koma mkazi wake anati zimenezo n'zimene zimayenera. Kenako anagwira ka mankhwala atsopano, natseka maso.

"Taonani ndinu, mayi. Ine sinditha."

Namwino anakakweza kuwindo. Pansi panali pofiira, koma pamwamba madzi anali mbee, achikasu pang'ono ngati mafuta ophikira.

Namwino anaimba nthungululu yomwe inamveka khonde lonse. Namandala anavula magalasi n'kuyamba kuseka, misozi ikutsika. Asanakhulupirire anathamangira ku makina oonera aja, ndipo patapita nthawi anawaitana. Pakanema wa makinawo panaoneka khoma la kapaipi lili see, popanda magazi oundana omatirira.

"Magazi a banja lathu ndi aulemu," anatero Telala akudzigunda pachifuwa. "Sayambana ndi alendo."

"Musatumbwe," anayankha mkazi wake akupukuta m'maso. "Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Magazi a anthu amasiyana. Pakufunika anthu ena asanu ndi atatu, ndipo zimene mwaonazi ndi khomo loyamba chabe. Kuti kapaipika kadzafike padzanja la wodwala, padakali ulendo."

"Asanu ndi atatu basi?"

"Odzipereka okha. Osati owaopseza."

Telala anapempha mapepala ofotokoza za ntchitoyo, nawapinda bwino n'kuwaika m'thumba la malaya.

Kunja kunkazizira, koma iye anayenda msewu wonse mkono wa malaya ataupinda mpaka m'mwamba. Atafika pakhonde la masitolo pamene ankasokera, wosoka nsapato anasiya nyundo yake.

"Achimwene, mkonowo mwatani?"

"Ndimathandiza akatswiri ntchito," anatero Telala. Anakoka benchi, natulutsa pepala limodzi n'kuliwongola pabondo. "Takhalani pansi apa. Mlungu uno mwamwako mapiritsi aliwonse?"